Mbiya Yong'aluka ya a Lisoni

MUTU 6

1. Chitseko chopanda ubweya

Kwathu ku Sikiyoni sitifunsa kuti kwabadwa mwana wanji. Timangoyang'ana pachitseko. Akakhala wamwamuna amapachikapo nthambi ya azitona, akakhala wamkazi amapachikapo ubweya wa nkhosa. Pachitseko cha a Lisoni, woumba mbiya wa kumunsi kwa msika, panadutsa masiku atatu popanda kanthu, chonsecho tonse oyandikana nawo tinamva kulira kwa khanda.

Tanthauzo lake tinalidziwa. Mwanayo anali wamkazi, ndipo bambo ake sanamufune. A Lisoni ankafuna mnyamata woti adzamusiyire ng'anjo. Mtsikana anali naye kale mmodzi, Damareta, wa zaka khumi ndi zisanu, ndipo ankati ameneyo wakwana.

Ukwati wa Damareta unali mkuja. Ankakwatiwa ndi mwana wa a Doriyoni, wosoka nsapato wotchuka mumzinda muno.

M'mawa wa tsiku lachinayi mtsikanayu ankapera barele pomwe bambo ake anamuitanira kuchisakasa cha mbiya. Anawapeza akugogoda mbiya imodziimodzi ndi chala, khutu lili tcheru. Ikalira bwino ankaibwezera pamalo pake.

"Iyi ayi, ipita kumsika," ankalankhula okha. "Iyinso ayi." Kenaka anagogoda ina ya pakona, ndipo inangoti phu. Nkhope yawo inawala. "Eya, iyi ndiye. Inang'aluka m'ng'anjo, palibe angaigule."

"Muthiramo chiyani, Ababa?" anafunsa Damareta. "Madzi sangakhalemo umu."

"Si ya madzi. Kapatse azakhali ako."

Munthu wa mbiya zodzaza chisakasa mpaka kudenga anamana mwana wake ngakhale mbiya yabwino yomutayira. 

2. Chenjezo la a Nikaso

A Nikaso anali mlongo wa a Lisoni, mayi wamasiye amene ankasesa pa guwa la a Moira, milungu itatu yaikazi yogawa moyo, m'kankhalango ka kunja kwa mzinda. Damareta anawapeza pabwalo akuyala maluwa m'dengu, pambali pali kamtsuko ka madzi a uchi. Tsikulo ankayenera kupita naye kuguwako, chifukwa kwathu mtsikana sakwatiwa asanadule tsitsi lake pang'ono n'kulipereka kwa Atatuwo.

"Wabwera nayo?" anatero a Nikaso osadzutsa mutu. "Lowa ukatenge kanthu kaja kwa amayi ako, ukaike m'menemo. Chigwa chotayako zinyalala chili panjira yathu yomweyo, ulendo ukhale umodzi. Ine sindingakhudze, ndanyamula zopatulika."

Damareta anaika mbiya pansi. "Azakhali, mukuti ndikaphe mng'ono wanga?"

"Tseka pakamwa pako ponunkha mkakapo! Ukaphe? Waona mpeni pano? Waona magazi? M'nyumba ya achimwene anga mulibe wakupha, ndipo mawu amenewo ndisadzawamvenso. Khala pansi apo ndikuuze, poti amayi ako anakulera ngati nkhuku.

"Moyo wa munthu ndi ulusi. Koloto ndiye amaupota, Lakesi amauyeza kutalika kwake, ndipo Atoropo amaudula ndi lumo lake. Mwana akabadwa, atatuwa amabwera pakatha masiku atatu n'kuima kumutu kwake. Kuno abwera kale, za kanthu aka zatha. Ngati anakapotera ulusi wautali, ukakasiya kuchigwa wina adzadutsa n'kukatola, kadzakula mpaka kumera imvi. Ngati ndi waufupi ngati chala changachi, ngakhale ukatsekere m'bokosi lamkuwa kadzafabe. Ife sitiwonjezera, sitichotsera. Timangokaika panja kuti eni ake aweruze, manja athu ali oyera.

"Zeu weniweniyo, mwini mphezi, akamva kuti Atatu anena amangoti chete. Nanga iwe ndiwe yani, kamtsikana kosadziwa n'kupota komwe? Sunamve za Pantakile wa kumtunda kuja? Anzake akupita kunkhondo iye anabisala m'nkhokwe ya bambo ake, akuti akuthawa imfa. Anzakewo anabwerako onse, akuimba. Iye anamupeza m'nkhokwemo atauma, nthangala ya azitona itamukhala pakhosi. Atoropo safunsa njira, mwana iwe.

"Ndipo kumbukira kuti lero ukupita kwa iwo omwewo kukapempha banja labwino. Ukalimbana nawo m'mawa, masana sudzawapeza akuseka. Adzakupotera ulusi wa mfundomfundo. Udzabereka n'kumaika m'manda, kubereka n'kumaika m'manda, kufikira misozi itakuthera. Mawa ndi tsiku lachisanu, tsiku loti bambo anyamule mwana n'kuzungulira naye moto. Bambo ako sanyamula. Kopanda kuzungulira moto si munthu, kalibe dzina, kalibe mbale. Tsono dzuka."

Damareta analowa m'chipinda cha amayi ake. Amayi akewo, a Timo, anali atangomaliza kuyamwitsa, ndipo khandalo linali litagona, kamkaka kali pamlomo.

"Amayi, nenani kanthu."

"Bambo ako anena kale," anayankha a Timo. Anatembenukira kukhoma n'kudzifunda kumutu.

Mtsikanayo anaweramira pa khandalo. Anakulunga mwanayo m'kansalu, namulowetsa mu mbiya pang'onopang'ono kuti asadzuke.

3. Zimene zinali kuchigwa

Anadutsa pachitsime pomwe amayi ambiri tinali kutunga, a Nikaso patsogolo ndi dengu la maluwa, Damareta pambuyo atakumbatira mbiya.

"Mkwatibwi wathu uyo!" ndinafuula ine. "Wayamba kale kututa katundu? Usawamalizire mbiya bambo ako!"

Anzanga anaseka. Kenaka m'mbiyamo munamveka kakulira, ndipo kuseka kunati zii. Aliyense anapeza chochita. Wina anayamba kutsuka mtsuko wotsuka kale, wina anakumbukira kuti wasiya mkate pamoto. Ine ndinaweramira m'chitsime ngati ndagwetsamo mphete. Ndikunena manyazi akundigwira, koma ndi mmene ndinachitira.

Chigwacho chili pafupi ndi kankhalango kopatulika. Ndi komwe mzinda umataya phulusa, zikopa zoola ndi abulu akufa. Asanafike n'komwe, fungo linawalandira kuti guu. A Nikaso anaima patali, naphimba mphuno ndi nsonga ya chovala chawo.

"Tsika wekha. Uike pamwala uwo, ubwere osacheuka."

Damareta anatsika, ntchentche zikumuwomba kumaso. Pansipo panali mapale ambirimbiri, ndiponso mbiya zina zosasweka, zogona cham'mbali. Sanafune kusuzumiramo. Pamwamba pa chigwa panali agalu atatu onenepa, atakhala bwinobwino ngati alendo odikira chakudya paukwati.

Atafika pamwalapo, phazi lake linagunda mbiya ina yogamphuka pakamwa. Anaizindikira. Bambo ake amadinda chala chachikulu kawiri pansi pa mkombero wa mbiya zawo zonse, ndipo zidindo ziwirizo zinalipo. M'kati munali kansanza kofumbutuka, ka mzere wofiira wokhotakhota. Mzerewo anauwomba ndi iye mwini chaka chatha, pomwe ankaphunzira kuwomba nsalu, ndipo amayi ake anamuseka kuti wakhota ngati njira ya woledzera.

Chaka chathacho a Timo analinso ndi pakati. Damareta anatumizidwa kumunda kwa amalume ake, ndipo atabwerako anauzidwa kuti mwanayo anabadwa wakufa.

"Azakhali!" anafuula. "Nsalu iyi ndi yanga. Inafika bwanji kuno?"

"Tasiya kutokosa zonyansazo."

"Munati anabadwa wakufa."

"Ulusi wake unali waufupi, basi. Fulumira, maluwa akufota."

"Anamutola ndani?"

A Nikaso anayamba kukonza maluwa m'dengu. Galu mmodzi anayasamula n'kudzinyambita.

"Chiyambire kusesa paguwa paja, mwaonapo angati atatoledwa kuno?"

"Si ntchito yathu kuwerenga."

Damareta anaika mbiya pamwala, natembenukira kumbali n'kusanza zonse zimene anadya m'mawa. 

"Ukasambe bwino pakasupe tisanalowe," anatero a Nikaso. "Ndipo usayandikire dengu langa uli chomwecho."

4. Wodutsa

Mtsikanayo anayamba kukwera. Asanafike pakati pa chikwezacho, kumbuyo kwake kunamveka timiyala tikugubuduka. Agalu aja anali atanyamuka, osathamanga n'komwe, poti ankadziwa kuti palibe wowalanda.

"Osacheuka!" anakuwa a Nikaso.

Damareta anacheuka. Anatola phale lalikulu n'kugenda galu wa patsogolo, ndipo linamupeza pamphuno. Anatsetsereka mpaka pamwala paja akugenda ndi kukuwa, napisa manja mu mbiya n'kutulutsa mwanayo. Mbiyayo anaikankha ndi phazi, ndipo inagubuduka n'kukasweka pansi.

Anakwera mwana ali pachifuwa, naima patsogolo pa azakhali ake.

"Wachita chiyani, chitsiru iwe?"

"Munati akatoledwa ndiye kuti ulusi wake ndi wautali. Watoledwa."

"Ndi ndani?"

"Ndi ine. Ndimadutsa."

"Wa m'nyumba sawerengedwa!"

"Anakuuzani zimenezo ndi Atatuwo, kapena achimwene anu?"

A Nikaso anakweza dzanja kuti amumenye, koma anakumbukira kuti mtsikanayo wakhudza khanda ndi za kudzala, ndipo analibweza msanga. Analavula pansi.

"Tamvera, Damareta, ndikuuza komaliza. Ukabwerera ndi kanthu ako kunyumba, kuguwa sulowa, tsitsi supereka. Mtsikana wosapereka tsitsi palibe banja limene lingamulandire. A Doriyoni ndi anthu oopa milungu, sangalowetse tsoka m'nyumba mwawo chifukwa cha nkhope yako. Nsalu zonse wawomba zija zidzadyedwa ndi njenjete m'bokosi. Anzako adzakhala akudutsa ndi ana kumbuyo, iwe ukupera barele wa bambo ako mpaka msana kupindika. Ndipo kameneko sikakhalitsa, ndikuuza ine. Udzataya banja chifukwa cha kanthu ka masiku awiri. Bwerera ukakaike pomwe unakaika, tikasambe, ndipo za lero sindidzauza munthu."

Damareta anayang'ana njira ya kukankhalango. Guwa linkaoneka mbee pakati pa mitengo, pafupi kwambiri. Anaima nthawi ndithu, ndipo misozi inatsika, chifukwa mwana wa a Doriyoni ankamukonda ndipo ukwatiwo ankaufuna.

"Ine Atatuwo sindikulimbana nawo, Azakhali," anatero. "Ngati Atoropo akufuna kudula, adule yekha, lumo ali nalo. Asabwereke manja anga."

Anatembenuka n'kulowera kumzinda. A Nikaso anamutsatira akutukwana, maluwa akugwa m'dengu njira yonse.

5. Paphulusa

Dzuwa linali pamutu pomwe Damareta analowa m'nyumba. Ine ndinamuona akudutsa, ndipo ulendo uno sindinawerame. Ndinakasuzumira pampanda.

A Lisoni anali atasamba, atavala chovala chawo cha pachikondwerero, akusakaniza vinyo ndi madzi. Ankadikira a Doriyoni kuti adzamalize za mwambo wa mkuja. Ataona chimene mwana wawo wanyamula, chikho chinawapulumuka.

Damareta sanawapatse mpata. Anathamangira pamoto wa pakati pa nyumba n'kukhala paphulusa penipeni, dzanja limodzi litagwira mwala wa pamotopo. Ngakhale mwana wamng'ono amadziwa kuti wokhala pamenepo ali m'manja mwa Hesitiya, mwini moto wa panyumba. Ngakhale akhale mdani wako, sungamukoke kapena kumumenya.

"Choka pamenepo," anatero a Lisoni.

"Sindichoka, Ababa, mpaka mutamunyamula n'kuzungulira naye moto uno."

"Ukudziwa amene akubwera?"

"Ndikudziwa. Ndikudziwanso amene ali kuchigwa, mu mbiya ya zidindo zanu."

A Lisoni anayang'ana mlongo wawo, amene anali atangolowa wefuwefu. A Nikaso anayang'ana kudenga.

"Iwe mwana," anatero a Lisoni mawu atatsika, "ukuyesa ine ndine woyamba? Pita khomo ndi khomo mumsewu uno, ufunse. Atate anga anachita, agogo anga anachita, ndipo palibe anawatcha dzina loipa. Ndakudyetsa zaka khumi ndi zisanu ndi dongo la m'zikhadabo zangazi. Ndakupezera banja loti anzako akulilira. Iwe ndinakunyamula, ndinazungulira nawe moto umenewo, chifukwa Atatu anafuna kuti ukhale. Uyu sanafune. Ine ndine woumba mbiya chabe, sindipota moyo wa munthu."

"Nanga mbiya ija anasankha ndi Atatu?"

Nkhope ya a Lisoni inada bii. Anayenda kawiri kuzungulira chipinda, manja akuwayabwa, koma paphulusa sanayandikire.

"Chabwino, khala. Sindikukhudza, milungu ikuona. Koma pasapezeke wokupatsa madzi kapena mkate. Tione ngati phulusa limayamwitsa." Anatembenukira kuchipinda cha akazi awo n'kukweza mawu. "Ndipo iwe Timo, usatuluke m'menemo!"

Apa ndiye anali atapeza njira ina yoyera m'manja. Anakhala pampando n'kudzithirira vinyo wina.

Khandalo linali lisanayamwe chichokere m'mawa, ndipo dzuwa la kuchigwa linali litalipsereza. Linalira kwambiri, kenaka mawu anayamba kuchepa. Damareta analipatsa chala chake. Linayamwa pang'ono n'kuchilavula, ndipo kulira kwake kunasanduka ngati kwa kamphaka. Mtsikanayo analigwedeza, naliimbira, koma mutu wake unkangogwera kumbuyo.

"Waona?" anatero a Nikaso. "Ndinakuuza kuti ulusi wake ndi waufupi."

Nsalu yotchinga chipinda inagwedezeka. A Timo anatuluka atagwira khoma, tsitsi lili nyankhalala, chovala chitanyowa ndi mkaka pachifuwa ponse. Ankayenda ngati nkhalamba.

"Ndati usatuluke!"

A Timo sanawayang'ane amuna awo. Anasiya khoma, nayenda mapazi anayi otsalawo popanda chogwira, n'kudzigwetsa paphulusa pambali pa Damareta. Anatenga mwanayo n'kumuika kubere. Poyamba sanagwire. Anamufinyira mkaka pamlomo, kachiwiri, kachitatu, ndipo kenaka kakamwa kaja kanatseguka.

"Wa chaka chatha ndinakhala chete, bambo a Damareta," anatero a Timo. "Ndimamumvabe."

Nthawi yomweyo pachitseko panamveka kugogoda.

"Odi kuno! A Lisoni, mwatibisira vinyo kodi?" Anali mawu a a Doriyoni, ndipo kumbuyo kwawo kunkamveka abale awo ena akuseka.

A Lisoni anadzambatuka. Anayang'ana mkazi wawo ndi mwana wawo ali mbuu ndi phulusa, pamalo pomwe mlendo aliyense wolowa amayamba kuyang'ana.

"Pasapezeke woyankha," ananong'ona. "Nikaso, tulukira kuseri, ukawauze kuti ndadwala. Timo, ndakupemba, lowa kuchipinda, tikambirana madzulo."

Pa zaka zonse zimene ndinakhala nawo moyandikana, mawu a a Timo ndinali ndisanawamvepo kunja kwa mpanda wawo. Tsiku limenelo anamveka mpaka kumsika.

"Lowani, asewere! Chitseko sichopiringidza!"

Chitseko chinayamba kutseguka. M'nyumba monse simunamveke china koma kumeza kwa mwana uja.